Mwana wa Mayi Wina

Foni ija inalira Noreen Dombek ali pantchito yake yogulitsa nyumba. Anali atangomaliza kulumbirira banja lina lachinyamata kuti fungo la chinyontho limene linkamveka m'chipinda chapansi limatha lokha chisanu chikapita, bodza limene ankalinena chaka ndi chaka osaphethira. Nambalayo sanaizindikire, koma mawu anawazindikira moni asanathe. Anali a Harlan Pruitt, bambo ake omubereka, munthu amene anali asanamuimbirepo foni chibadwire.

Nkhalambayo inayamba ndi za nyengo. Inati chisanu cha chaka chino chakakamira, maluwa achedwa, misewu yaonongeka. Noreen anatuluka panja, n'kutsamira galimoto yake, n'kuwasiya bambowo kuti azungulire mpaka atope. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo chimene ankakandira uyu Noreen ankachidziwa kale. Pamapeto pake anafika pamfundo. Anati amva kuti mtsikana uja amupatsa malo ku koleji ya Ashcombe, ndiye bwanji osakumana tsiku lina n'kudyera limodzi nkhomaliro.

"Mtsikana uti?" anafunsa Noreen.

"Tessa. Mwana wako."

"Oo, wanga. Ndimayesa mukunena wa mayi wina."

Kenako anapangana tsiku mwaulemu wonse, ngati anthu ogulitsana malo. Noreen atatseka foni anapezeka akumwetulira yekha pamsewu, ndipo nyumba yonunkha chinyontho ija anaigulitsa tsiku lomwelo.

Kuno palibe amene sadziwa mmene munthu amalowera ku Ashcombe, ngakhale timabuku tawo tokongola timanena zina. Pali ana a pakhomo, amene makolo kapena agogo awo anaphunzira pomwepo, ndiye pali obwera, kutanthauza tonsefe. Pa fomu yofunsira malo pali kafunso kamodzi kaulemu, koti kodi uli ndi wachibale amene anadutsa pano, ndipo kafunso kameneko kamalemera kuposa mayeso onse amene mwana anasalira tulo. Akuluakulu a kolejiyo ukawafunsa amati si tsankho ayi, n'kusunga mwambo. Mwambo wakewo umaonekera bwino pa Tsiku la Chipata, pamene chipata chachitsulo cha m'munsi mwa phiri chimatsekulidwa kuti ophunzira atsopano alowe. Ana a pakhomo amalowa poyamba, mmodzimmodzi. Aliyense amaima ndi wachibale wake amene anaphunzirapo, wachibaleyo n'kutchula mzere wa magazi pa chimkuzamawu, n'kumupatsa mwanayo ndodo ya banja. Obwera amadikira padzuwa, kenako amalowa chigulu ngati nkhosa.

Ndodo ya a Pruitt ndiyo inali yakale kuposa zonse. Inali yakuda, ya mphete zasiliva, mphete iliyonse ndi dzina la Pruitt amene analowa nayo, ndipo chiyambire panalibe m'badwo umene unadumphidwa. A Harlan ankanyadira ndodoyo kuposa mmene ankanyadira banki imene bambo awo anawasiyira.

Mlandu wa Noreen ndi bambo akewo unali wakale. A Harlan ali mnyamata anakwatira Bernadette, mtsikana wachikatolika amene ankaperekera zakudya mu lesitilanti ya pafupi ndi siteshoni ya sitima. Kwa a Pruitt zimenezi zinali ngati kulowetsa mbuzi pabalaza. Ukwatiwo unakhala nthawi yongokwanira kubereka Noreen, kenako maloya a banja anaufufuta bwinobwino, ndipo a Harlan anakwatira Constance, mwana wa jaji, amene anawaberekera Grant. Noreen anakulira kutsidya kwa njanji, pamwamba pa shopu yochapira zovala, akudziwika ndi dzina la kwa amayi ake.

Chaka chake chomaliza ku sekondale, ali patsogolo pa kalasi yonse, anafunsira malo ku Ashcombe, ndipo pa kafunso kaja analemba dzina la bambo ake. Kenako anachita chinthu chimene mpaka atakula akachikumbukira makutu ankamutentha. Anavala diresi yake ya kutchalitchi, n'kukwera basi kupita kuphwando la ophunzira akale, lija la tsiku la mpira amamanga matenti pakapinga, kuti akapemphe bambo ake amunenerereko. Anawapeza ali pakati pa anzawo, onse m'majekete a mizeremizere a kolejiyo, matambula m'manja. Mnzawo wina wamakutu akuluakulu, Lowell Fitch, anafunsa kuti kodi dona wamng'onoyu ndani.

"Ndi mwana wa mayi wina amene tinkawadziwa kale," anatero a Harlan. Kenako anamulozera tenti ya zakudya, kuti akatengeko kanthu asanabwerere.

Koleji inamukana. Patapita zaka, pamaliro a azakhali awo, Grant ataledzera anaulula akuseka kuti a ku ofesi anaimba foni kunyumba kufunsa za Noreen, ndipo bambo anawauza kuti asavutike, malo a banja asungire mnyamata. Anthu amati kukhululuka kumapepuza mtima. Noreen ankati onena zimenezo sanaimepo pakapinga atavala diresi ya kutchalitchi. Chakukhosi chake anachisunga, anachidyetsa, chinakula naye limodzi, ndipo sankachita nacho manyazi. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: kuti pakamwa pomwe paja, pamaso pa majekete omwe aja, padzatuluke mawu oti Noreen ndi mwana wanga.

Tessa anabadwa chaka chimodzi ndi mwana woyamba wa Grant, Harlan wachitatu m'mbiri ya banjalo, amene aliyense ankangomuti Trey. Noreen anaona chithunzi cha khandalo m'nyuzipepala iye akuyamwitsa lake, ndipo anaseka mpaka mwamuna wake, malemu Stan, anamufunsa ngati ali bwinobwino. Kuyambira pamenepo ankamuyang'anira Trey chapatali, monga munthu amayang'anira maapozi a kwa neba kuti apsa liti. Mnyamatayo anakula wamtali, wa mano oyera, katswiri woyendetsa bwato la matanga, koma m'mutu munali mphepo yomweyo yokankha bwatolo. Sukulu ziwiri zodula zinamubweza mwaulemu. Komabe akanakhala yekha, a ku Ashcombe akanamutenga motsinzina, pakuti mbuli za pakhomo anatengapo zambiri, ndipo zina lero zikutilamulira. Noreen ankadziwa pamene pangasinthire zinthu. Anthu amenewa ukawapatsa adzukulu awiri a nkhalamba imodzi chaka chimodzi, wina wanzeru wina wopanda kanthu, wawapatsa madzi osambira m'manja. Atenga wanzeruyo, kenako auza nkhalambayo kuti banja lanu talilemekeza monga mwa nthawi zonse. Ndiponso masiku ano saimbanso foni kunyumba kufunsa kuti uyu timuwerenge kapena ayi.

Vuto linali Tessa mwini wake. Mtsikanayu anatengera nzeru za amayi ake ndi mtima wa malemu bambo ake, munthu amene ankapepesa ngakhale wina akamuponda phazi. Atafika pa kafunso kaja anafuna kukadumpha.

"Amayi, ine ndikufuna andiyese ndi mutu wanga."

"Mutu uli nawo, mwanawe, ndi wabwino. Inenso ndinali nawo. Lemba dzinalo."

"Dzina la munthu woti sindinamuonepo?"

"Iwonso sanakuonepo, ndiye mwafanana. Lemba."

Analemba. Mayankho atatuluka, Tessa anatengedwa, Trey anakanidwa, ndipo anakanidwanso Marisol, mnzake wa Tessa wa ponda apa nane mpondepo, amene pa masamu ankamusiya Tessa kutali. Tessa anakhala masiku osalankhula ndi amayi ake. Za Marisol zinamupweteka ndithu Noreen, sanali chilombo ayi, koma chisonicho anachimeza pamodzi ndi khofi wake wam'mawa. Iye si amene anamanga chipata chija. Anangopeza kiyi amene anamubisira.

Nkhomaliro ija anakadyera kukalabu ya a Harlan, yoyang'anizana ndi doko, kumene operekera zakudya amayenda ngati akuopa kudzutsa khanda. Grant sanabwere, akuti mutu unkamupweteka, ndipo Noreen anaufunira mutuwo kuti upitirire. A Harlan anali atatha. Khosi linali litakwinyika, ndipo chiwachitireni opareshoni ya m'chiuno ankayendera ndodo ya banja yomweyo, imene kale inkangokhala pakhoma. Pambali pawo panali a Constance, owongoka ngati kandulo, akumwetulira ndi milomo yokha.

Nkhalamba yaimunayo inamugwira Tessa dzanja nthawi yaitali, n'kunena kuti chibwano chake ndi cha a Pruitt. Inamuphunzitsa kuswa nkhanu, ngati kuti mwana wobadwira m'mphepete mwa nyanja sanaionepo nkhanu. Inasimba za agogo awo amene anamanga nyumba ya mabuku ya kolejiyo, za belu, za mpira wa zaka zamakedzana. Kenako inatsitsa mawu n'kunena kuti zimene zachitikira Trey ndi zachisoni, dziko lasintha, koma Mulungu sataya ake, mzere sunaduke. Inati chibale n'fupa, sichiola. Noreen anavomera ndi mutu, mumtima akuti mlandu nawo suola, bambo.

Nthawi yonseyi a Harlan akafuna kunena za Noreen ankati "mayi ako," ndipo akafuna kulankhula naye ankayang'ana mbale ya batala. A Constance ndi amene anabweretsa nkhani ya mawu a pachipata. Mwambo umati woperekayo adzitchule dzina, atchule mwanayo, ndipo ngati ali mdzukulu atchulenso mwana wake amene anabereka mdzukuluyo, kuti aliyense amve mmene magazi anayendera. A Constance anati masiku ano mabanja ena amafupikitsa mawuwo, chifukwa mzere umatalika ndipo okalamba amatopa ndi dzuwa. Anawonjezera, akupukuta pakamwa, kuti ndodoyo Tessa adzaibweze akangojambulitsa zithunzi, poti Grant ali ndi mnyamata wina wamng'ono, Alden, amene akuoneka kuti iye mabuku amawakondako.

"Zonse mmene mungakonzere, mayi," anatero Noreen, mawu ake ngati wathira uchi. Pansi pa tebulo anali atafinya kansalu kopukutira m'manja mpaka zala zinachita dzanzi.

Pobwerera, Noreen ndiye ankayendetsa galimoto. Atadutsa mlatho, Tessa anati, "Amayi, mwaona kuti nthawi yonse ija sanakutchuleni dzina ngakhale kamodzi?"

Noreen anati waona. Kenako, maso ali pamsewu, anamusimbira mwana wake za diresi ya kutchalitchi, za majekete, za tenti ya zakudya, nkhani imene anali asanamuuzepo ngakhale Stan. Sanaikometsere ndipo sanalire. Atamaliza, Tessa anangoyang'ana kunja kwa zenera. Noreen analakalaka kumuuza kuti ukakaima pachipata paja usakalole kuti adumphe mawu, koma anadziletsa. Mwanayu anali atamusenzetsa kale zambiri, ndipo nkhani ya Marisol inali isanapole. Ndiye chilimwe chonse anakhala ndi nkhawa imeneyo payekha. Anali atadikira zaka zonsezi, atachotsa Trey panjira, atakokera nkhalamba mpaka pachipata, koma zonsezo zikanatha kuthera m'madzi ndi kadumphidwe kamodzi ka lilime. Iye sakanatha kuchitapo kanthu, chifukwa kholo limene silinaphunzire ku Ashcombe limaima kuseri kwa chingwe.

Tsiku la Chipata linacha bwino, lopanda ndi kamtambo komwe. Noreen anafika molawirira n'kupeza malo kutsogolo kwenikweni, mimba itagunda chingwe. Kumanja kwake kunali bambo wina woyendetsa lole wochokera kutali, amene ankajambula chilichonse, ngakhale zinyalala, ndipo ankauza aliyense kuti mwana wake ndi woyamba m'banja lawo kuponda koleji. Kutsidya kwa chingwe kunali mipando yoyera ya eni malo. A Constance anakhala kumeneko atavala chipewa chotambalala, ndipo pafupi ndi chipata panaima gulu la nkhalamba za majekete a mizeremizere, zina pa njinga za olumala, zonse zitatupa ndi ulemerero. Noreen anamuona Lowell Fitch pakati pawo. Makutu aja anali atakulirakulira, koma tsopano anali ndi timakina tothandiza kumva.

Belu linalira, chipata chinatsekulidwa, ndipo mkulu wa koleji anaima pa chimkuzamawu n'kuyambitsa mawu a chaka chilichonse. Anati, "Ndodo ikadutsa chipata," ndipo majekete onse pamodzi ndi mipando yoyera anayankha ngati m'tchalitchi, "Sibwerera m'mbuyo." Amatero pofuna kunena kuti m'badwo uliwonse umapatsira wotsatira. Amawakonda kwambiri mawu amenewa, ena amagwetsa nawo misozi.

Popeza ndodo ya a Pruitt ndiyo yakale, iwo ndiwo anali oyamba. A Harlan anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa chipata, Tessa ali pambali pawo ndi diresi yake yobiriwira. Anakonza kukhosi, ndipo mawu awo anamveka bwalo lonse, akadali ndi mphamvu ya munthu wozolowera kumveredwa.

"Ine Harlan Pruitt, mwana wa Edmund Pruitt, ndikupereka Tessa, mdzukulu wanga."

Anatambasula ndodoyo. Dzina la Noreen anali atalidumpha. Noreen anali akudziwa kuti zidzatero, koma kudziwa sikuchepetsa ululu. Anabwereranso kukhala mtsikana uja wa pakapinga, wolozeredwa tenti, ndipo anadana ndi bambo akewo ndi chidani chotentha chimene ankayesa kuti chinafika kale pamapeto.

Koma ndodo ija inangokhala m'malere. Tessa anali atapinda manja kumbuyo, ataima phee, akuwayang'ana agogo akewo mwaulemu ngati mwana wodikira kuti wamkulu amalize kulankhula. A Harlan anaigwedeza ndodoyo pang'ono kuti mwina sanaione. Mkulu wa koleji anatsokomola. Bwalo lonse linati zii, ngakhale woyendetsa lole uja anatsitsa foni yake. Kenako Tessa anaweramira pa chimkuzamawu.

"Wobadwa kwa ndani, agogo?"

A Harlan anayang'ana kwa mkulu wa koleji kuti awapulumutse, ndipo mwina mkuluyo akanatero, pakuti anali atayamba kale kukweza dzanja. Koma anaiwala anzawo. Anthu amenewa ungawabere akazi, ungawagwetsere mabanki, adzakukhululukira, koma osati kudumpha mawu a pachipata. Lowell Fitch, amene chifukwa cha kugontha sankadziwanso kukula kwa mawu ake, anamenya ndodo yake pansi.

"Maliza mawu, Harlan! Kuno sitidumpha. Wayamba kuiwala kodi, nkhalamba iwe?"

Majekete ena anavomereza mong'ung'udza. Wina anaseka. A Harlan anafiira kuyambira kukhosi mpaka pa dazi. Kunenedwa kuti wayamba kuiwala, pamaso pa anzake a m'kalasi, chinali chinthu chimene Pruitt sakanapirira.

"Wobadwa kwa mwana wanga," anatero, ndipo anaima ngati munthu wotsamwa ndi fupa la nsomba. "Mwana wanga woyamba, Noreen."

Chimkuzamawu sichidziwa chinsinsi. Dzinalo linakagunda khoma la nyumba ya mabuku ija anamanga agogo awo, n'kubwerera, Noreen n'kulimva kawiri. Kunena zoona, zinamukomera. Sizinali zowawa mosakanikirana ndi kukoma monga amanenera anthu ofuna kuoneka abwino, zinali zokoma basi, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anayang'ana chipewa cha a Constance ndipo anaona kuti chaweramira pansi.

Tessa analandira ndodoyo ndi manja awiri, n'kudutsa chipata yekha, pakuti woperekayo amatsala kunja. Anakwera njira ya kuphiri osacheuka, ndodo ili paphewa ngati akupita kokawedza. A Harlan anatsala manja ali m'malere. Palibe amene anali ataganiza zowabweretsera ndodo ina, poti kwa onse ndodo ija inali ya mwambo, ndipo anaiwala kuti nkhalambayo imayendera yomweyo. Anadzikoka pang'ono n'kugwira chitsulo cha chipata, ndipo anaima pomwepo mabanja ena onse akudutsa, kenako chigulu cha obwera chikuwakhudza mapewa.

Mwambo utatha anachotsa chingwe, anthu n'kusakanikirana. Majekete anawazungulira a Harlan pachipata pomwepo, akuwamenya pamsana. Ankawaseka kuti ndiwe kambuku wobisa mawanga iwe, mwana wamkazi unamubisa kuti zaka zonsezi, komanso mdzukulu wakoyo ngolimba mtima, Pruitt weniweni. Noreen, akuyandikira pang'onopang'ono, anaona chinthu chimene chinamunyansa kuposa zonse. Nkhope ya bambo ake inali itayamba kumasuka. Anali ataona kuti dziko silinagwe, anzawo akusangalala, nkhaniyo yasanduka yokometsera mowa. Munthu amene wakhala akukhululukidwa moyo wake wonse sachedwa kudzikhululukira. Atamuona Noreen anakweza dzanja limodzi, linalo likadali pachitsulo.

"Noreen, tabwera kuno, mwana wanga. Bwera udzapereke moni kwa anzanga."

Dzinalo tsopano linkatuluka mosavuta, ngati akhala akulitchula m'mawa uliwonse. Noreen anabwera, atanyamula kachikwama kake kutsogolo ndi manja awiri. Lowell Fitch anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, akumwetulira, osakumbukira chilichonse.

"Ndiye inu ndinu mwana wa Harlan?"

"Ayi, bambo," anatero Noreen. "Ndine mwana wa mayi wina amene ankawadziwa kale."

"Mwati chiyani? Kwezani mawu, mayi, makutuwa anapita."

Noreen anakweza mawu. Anabwereza liwu ndi liwu, momveka bwino, mmene amanenera mtengo wa nyumba kwa munthu amene akufuna kunamizira kusamva. Anawonjezera kuti mayiwo dzina lawo anali Bernadette, ankaperekera zakudya pafupi ndi siteshoni, ndipo anamulera okha. Kuseka konse kunazima. Majekete anayamba kuyang'ana nsapato zawo, ena anakumbukira mwadzidzidzi kuti akazi awo akuwadikira. A Harlan okha ndi amene anawadziwa mawuwo kumene anachokera. Noreen anaona m'maso mwawo kuti akukumbukira zonse, kapinga, diresi, tambula m'manja, ndipo anasangalala kuti ukalamba sunawalande zimenezo.

A Constance anafika akupuma mofulumira, chipewa chitapendekeka. Sanamuyang'ane mwamuna wawo. Anamufunsa Noreen chapansipansi kuti mtsikanayo atsika nthawi yanji ndi ndodo, poti galimoto ikudikira.

"Ndodo ikadutsa chipata sibwerera m'mbuyo, mayi. Ndakumvani mukuyankha nawo, mawu anu ndi okoma."

"Koma tinapangana. Nanga Alden?"

"Alden akadzafika adzalowe ndi mutu wake. Mwati mabuku amawakondako."

A Constance anatembenuka n'kuthamangira kumene kunali mkulu wa koleji, ngati kuti munthu amene wangotsogolera mawu aja angawameze. Noreen sankadziwa chimene Tessa adzachite nayo ndodoyo. Mwina adzapachikapo malaya, mwina adzatsekulira zenera. Chimene ankadziwa n'chakuti mphete yotsatira idzalembedwa Dombek, dzina la malemu Stan, wokonza mapaipi, ndipo m'nyumba ya a Pruitt pakhoma padzatsala misomali iwiri.

Anthu anali atapita kumatenti. Pachipata panatsala iwo awiri, ndi mlonda wa yunifolomu amene ankabwera ndi makiyi, pakuti chipatacho chimatsekedwa mwambo ukangotha, osatsekulidwanso mpaka tsiku lomaliza maphunziro. A Harlan anayang'ana kapinga amene anali pakati pa iwo ndi mipando yoyera. Sunali mtunda wautali kwa munthu wa miyendo yabwino. Kenako anayang'ana Noreen, n'kutambasula dzanja lawo lamanzere, chikhatho chili m'mwamba. Linali dzanja lokalamba, la madontho, ndipo zala zake zinali zofanana ndi za Noreen.

"Ndigwireko, mwana wanga. Ungondifikitsa pampando."

Noreen analiyang'ana dzanjalo. Ali mtsikana ankalilota, ndipo akanapereka chilichonse kuti limugwire paphewa tsiku lija. Anadikira kuti aone ngati mumtima mwake mungatuluke kachifundo, ndipo anadikira moona mtima. Simunatuluke kanthu. Anakweza mkono n'kuloza kutsidya kwa kapinga.

"Tenti ya zakudya ili apo," anatero. "Mukatengeko kanthu musanabwerere."

Anatembenuka n'kuyamba kutsika kupita kumene anaimika galimoto, zidendene za nsapato zake zikulowa m'kapinga. Njala inali itamugwira, njala yeniyeni, ndipo anaganiza zokadya pa lesitilanti ija ya pafupi ndi siteshoni, imene ikadalipo ngakhale inasintha dzina. Kumbuyo kwake anamva makiyi akulira, kenako mawu a mlonda uja, aulemu, akubwereza kachiwiri.

"Bwana, pepani, tasiyani chitsulocho. Tikutseka."